Chotupa Chachoka, Nanga Chithandizo China N'chachiyani?

Mayi amene madokotala amuchotsa chotupa cha khansa n'kumusiyira bere lake amakumana ndi funso lovuta. Chilonda chapola, mpingo wayamika Mulungu, koma kuchipatala akuti abwerenso kudzalandira radiotherapy (chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza champhamvu), ndipo mwina azimwa mapiritsi a tamoxifen tsiku lililonse kwa zaka 5. Kodi kuvomera zimenezi si kukayikira kuti Mulungu wamuchiritsa kale? Ayi ndithu. Mpeni wa dokotala umachotsa zimene maso ndi makina aona, koma m'bere lotsalalo mutha kubisala timaselo ta khansa tosaoneka n'komwe. Mu 2011, ofufuza a ku Oxford anasonkhanitsa zotsatira za amayi oposa 10,000 amene anachitidwa opaleshoni yotereyi. Mwa amayi 100 alionse amene sanalandire radiotherapy, khansa inabwerera kwa 35 pasanathe zaka 10, pomwe mwa olandira inabwerera kwa 19. Munthu amene amakhulupirira zosaoneka ndi maso asavutike kuvomereza kuti nayonso nthenda imadziwa kubisala.

Otsutsa amatchula mfumu Asa, amene buku la 2 Mbiri limamudzudzula chifukwa chodalira asing'anga atadwala mapazi. Koma mlandu wa Asa unali wakuti sanafune Mulungu n'komwe, ndipo khalidweli analiyamba kale pamene anadalira mfumu ya Aramu pankhondo. Nkhani ya mfumu Hezekiya ndiyo ikufanana ndi ya mayi uja. Mu 2 Mafumu 20, Hezekiya atadwala, Mulungu anali atamulonjeza kale zaka 15 zina za moyo, komabe mneneri Yesaya analamula kuti atenge nkhuyu aziike pachithupsa chake. Lonjezo linabwera poyamba, mankhwala pambuyo, ndipo mneneri sanaonepo kusemphana kulikonse. Mbusa amene amauza mayi kuti ataye mapiritsi atapereka umboni akudziika pamwamba pa Yesaya.

Pali chitsutso china cholemera: nanga amayi 19 aja, amene anapirira khungu lopsa ndi kutopa koma khansa n'kubwererabe? N'zoona, chithandizochi chimangochepetsa ngozi, sichiithetsa. Komatu mlimi amapalira m'munda asakudziwa ngati mvula idzagwa bwino, ndipo palibe amene amamunena kuti alibe chikhulupiriro. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti pa amayi anayi alionse amene radiotherapy inawatchinjiriza kuti khansa isabwerere, imfa imodzi inapeweka m'zaka 15. Pamene chithandizo chikuyamba palibe dokotala kapena mneneri amene angaloze kuti mayi wopulumukayo ndi uyu, n'chifukwa chake madokotala amachilimbikitsa kwa amayi ambiri amene bere lawo linasungidwa.