Goli la pa Chithunzi

M'buku la David Livingstone ndi mng'ono wake Charles, losindikizidwa ku London m'chaka cha 1865, muli chithunzi cha akapolo amene Livingstone anakumana nawo kwa Mbame mu July 1861. Amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali omangidwa zingwe, ndipo pambali pawo pakuyenda anthu a mfuti. Akapolowo analipo 84. Atamasulidwa anapita ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero, m'dziko la Chiradzulu.

Munthu akachiyang'anitsa chithunzichi aona kuti chilungamo chatembenuzika. Goli likadayenera wopalamula, koma lili pakhosi pa wosalakwa. Wopalamulayo akuyenda khosi lili pululu, wosalemedwa ndi kanthu. Bukulo linena kuti amfutiwo anafika akuliza malipenga, koma ataona Azungu anathawira kuthengo. Kodi kumeneku kunali kulapa? Iyayi, anali mantha chabe. Mbala yothawa agalu siinasiye kuba. Mantha athamangitsa miyendo, manyazi aweramitsa mutu, koma kulapa kubwezetsa chimene munthu analanda, ndipo amfutiwo sanabweze kanthu mwa kufuna kwawo.

Pali olakwa enanso amene wojambula sanawaike. Mfumu kapena mbale amene analandira nsalu napereka mwana wa m'mudzi saoneka pamenepo. Wogula wa ku Tete saonekanso. Tchimo la anthu otere livuta kulijambula, pakuti manja awo sanagwire chingwe, ndipo mwina usiku anali kugona tulo tabwino.

Nanga Livingstone mwini wake? Iye ndiye anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, ndipo ogula akapolo a ku Tete anatsata mapazi ake. Mtsogoleri wa gulu la kwa Mbame anali munthu amene anamtumikirapo ku Teteko. Livingstone sanafune choipachi, komabe njira anaitsegula ndiye, ndipo sanabise zimenezi m'buku lake. Mlandu wotere uwawa koposa, chifukwa mwini wake sadziwa bwino kuti achite kulapa kapena kungolira.

Tsiku lomwelo mipeni inadula zingwe, ndipo sowo inacheka magoli limodzilimodzi. Akazi anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenza, adye iwo ndi ana. Nkhuni za moto umenewo zinali magoli omwe aja.