Nkhope Imene Dziko Linaidziwa Popanda Dzina

Pali zithunzi zimene munthu ukaziona umangoti kakasi. Steve McCurry, katswiri wojambula wa ku America, wayenda m'mayiko ambiri ndipo wabwerako ndi zithunzi zotere. Pali cha telala wa ku Porbandar, ku India, atasenza makina ake osokera madzi osefukira atamulekeza m'khosi. Pali cha ngamila zikuyendayenda pansi pa chiutsi cha zitsime zamafuta zimene zinayaka ku Kuwait mu 1991. Poziyang'ana timachita ngati tikumva chinyezi ndi fungo la utsi. Luso lotere ndi mphatso, ndipo limatifikitsa kumene mapazi athu sadzapondako.

Koma chithunzi chake chotchuka kwambiri chimatisautsa maganizo. Mu 1984, pamsasa wa othawa nkhondo wa Nasir Bagh pafupi ndi Peshawar ku Pakistan, McCurry analowa m'tenti imene atsikana ankaphunziriramo. Anajambula mtsikana wa ku Afghanistan wa zaka pafupifupi 12, atafunda mpango wofiira wong'ambikang'ambika, maso ake obiriwira ali tong'o. Chithunzicho chinaikidwa pachikuto cha magazini ya National Geographic mu June 1985, ndipo chinafalikira ponseponse. Panapita zaka 17 dziko likudziwa nkhope koma osadziwa dzina. Atamupeza mu 2002, anali mayi wa ana, wokhala movutika, dzina lake Sharbat Gula. Chithunzi chakecho anali asanachionepo.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat An-Nur, imatiphunzitsa kusalowa m'nyumba ya eni tisanapemphe chilolezo ndi kupereka salamu. Kwathu kuno nako mlendo amaodira, nadikira kuti ayankhidwe. Ife tikuona kuti nkhope ya munthu ndi khomonso, makamaka ya mwana wamkazi amene nkhondo yamulanda mudzi ndi munda. Wosauka wotereyu chimene chamutsalira ndi ulemu wake basi, ndipo kamera imalowa mosavuta kwa amene alibe mphamvu yokana.

Tisam'lakwire wojambulayo. Chithunzicho chinachititsa anthu ochuluka kumva za masautso a Asilamu anzathu a ku Afghanistan, ndipo Sharbat atapezeka panakhazikitsidwa thumba lothandiza maphunziro a atsikana a kumeneko. Ubwino umenewu ndi weniweni. Komabe amene analipira mtengo wake sanadziwe n'komwe kuti nkhope yake ikupita kuti.

Ndipo mlandu sukhala pa wojambula yekha. Ife oonafe timati maso aja ndi okongola, pamene m'masomo muli mantha ndi mkwiyo wa mwana amene wajambulidwa ndi mwamuna wachilendo. Kukongola kwa chithunzi kumatha kutisangalatsa mpaka tsoka la munthu n'kusanduka chokongoletsera pakhoma. Timadandaula alendo akamajambula amayi athu akuchapa kunyanja ku Cape Maclear, kapena asodzi akukoka makoka m'mamawa, osafunsa. Nanga ife, tikamapereka sadaka kwa wamasiye foni ili m'mwamba, n'kutumiza chithunzicho pa WhatsApp, tasiyana nawo pati?

Kutchuka kwa nkhope sikunam'patse Sharbat Gula pokhala pokhazikika. Mu 2016 anamangidwa ku Peshawar chifukwa cha chiphaso chachinyengo, nabwezedwa ku Afghanistan. Mu 2021, a Taliban atalandanso boma, anathawira ku Italy, ali wothawa kwawo monga analili tsiku lija m'tenti.