Nyimbo yokoma yovala dzina la eni

Wakuba tonse timamudziwa: amatenga chimene si chake n'kumati n'chake. Nanga munthu amene wapanga chinthu ndi manja ake, chokongola ndithu, kenako n'kulembapo dzina la munthu wina, ameneyo timutche ndani? Sanalande aliyense kanthu. Komabe mtima umakana kunena kuti walungama. Nkhani yotere inachitikadi m'nyimbo zakale za ku Ulaya, zomwe lero aliyense amene ali ndi bandulo angazimve pa YouTube ali konkuno ku Mkanda.

Tiyambe ndi zida. Viola ndi mkulu wake wa vayolini. Ili ndi zingwe zinayi, amailiza ndi uta ngati kaligo wathu, ndipo mawu ake ndi okulirapo. Clarinet ndi chitoliro chakuda chija mumachiona mu bandi ya apolisi. Concerto ndi nyimbo imene chida chimodzi chimatsogolera, gulu lonse n'kumavomera, monga zimakhalira pa chimtali.

Vuto la viola linali umphawi wa nyimbo. Akatswiri otchuka a zaka za m'ma 1700 ankakonda kupekera vayolini ndi piyano. Ndiye Mfalansa wina woimba viola, Henri Casadesus, amene anamwalira mu 1947, anabwera ndi nyimbo zomwe ankati ndi za akale, iye wangozikonza. Ina anati ndi ya Handel. Ina, yomwe inasindikizidwa mu 1947, anati ndi ya Johann Christian Bach, amene anamwalira ku London mu 1782. Oimba anazilandira ndi manja awiri. William Primrose, katswiri wa viola wa nthawi imeneyo, anajambula ya Handel ija. Lero akatswiri amagwirizana kuti zonse ziwiri anapeka ndi Casadesus mwini wake.

Mng'ono wake, Marius, anachitanso zomwezo. Mu 1933 anatulutsa concerto ya vayolini yotchedwa Adélaïde, akuti Mozart anailemba ali ndi zaka 10. Yehudi Menuhin anaijambula mu 1934. Chilungamo chinadzatuluka mu 1977, Marius atavomera kuti nyimboyo ndi yake, pamene pankakanganidwa za umwini wake. Mwaona? Dzina analikana kwa zaka 44, koma ndalama zitafika analikumbukira.

Tsopano wina anene kuti: aise, vuto lili pati? Nyimbo ndi zokoma, ana asukulu za nyimbo akuziphunzirabe mpaka lero, omvera akusangalala. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu uwu ukaung'amba, nyerere mulibe. Mfundoyi ndi yamphamvu, tisainyoze. Khutu silimva dzina, limamva mawu. Nyimbo imene inakukhudzani dzulo siisintha chifukwa mwadziwa lero kuti anaipeka ndi wina.

Koma ife a ku Mchinji kuno tili ndi chitsanzo chimene chimayankha bwino. Nthawi yodzala ikayandikira, timachenjezana za mbewu yachinyengo: chimanga wamba chopakidwa utoto, choikidwa m'paketi ya dzina lodziwika. Tiyerekeze kuti mwagula, mwadzala, mvula yagwa bwino, ndipo mwamwayi mwakolola nkhokwe yodzadza. Kodi wogulitsa uja wasanduka wolungama? Ayi. Munalipira dzina, chifukwa dzina pa paketi ndi lonjezo la chimene chili m'kati. Choipa kwambiri n'chakuti mwaphunzira zabodza. Chaka chamawa mudzauza anzanu kuti mbewu yakutiyakuti imachita bwino pa dothi lathu, chonsecho simunaidzaleko n'kamodzi komwe.

N'chimodzimodzi ndi nyimbo. Amene anamvera concerto ija n'kumati tsopano ndamudziwa J. C. Bach, anadziwa munthu amene kulibe. Anamva Mfalansa wa m'ma 1900 akuyerekeza zakale. Ndipo pali ena amene anaponderezedwa mwakachetechete. Carl Stamitz, woimba viola weniweni amene anamwalira mu 1801, ndi Franz Anton Hoffmeister, wosindikiza nyimbo ku Vienna komanso mnzake wa Mozart, aliyense analemba concerto ya viola pa dzina lakelake. Oimba viola amazidziwa bwino, moti mpaka lero wofuna ntchito m'magulu akuluakulu amayesedwa nazo. Koma kwa wogula mbale wamba, dzina la Bach pachikuto limakoka maso kuposa la Hoffmeister. Bodza linakhala pampando umene ukanakhala wa eni ake.

Taonani tsopano nkhani ina yofanana nayo koma yotembenuka. Concerto ya clarinet ya Mozart, K. 622, ndi yake ndithu. Anaimaliza mu Okutobala 1791, miyezi iwiri yokha asanamwalire, ndipo anapekera mnzake Anton Stadler, amene anali ndi clarinet yapadera, yotalikirapo, yotha kutsika mawu kuposa yanthawi zonse. Pepala limene Mozart analemba ndi dzanja lake linatayika. Osindikiza oyamba anakweza mawu otsika aja kuti akwane pa clarinet wamba, ndipo mu 1802 nyuzipepala ya nyimbo ya ku Leipzig inadandaula kale za kusinthaku. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankamva dzina lenileni pa nyimbo yosinthidwa. Kenako amisiri anapanganso chida chonga cha Stadler, chotchedwa basset clarinet, ndipo oimba monga Thea King mu 1985 anajambula nyimboyi atabwezeretsa mawu otsika aja.

Oimbawa nawonso amaganizira malo ena, poti pepala lenileni kulibe. Kusiyana kwawo ndi Casadesus n'kumodzi: iwo amanena poyera kuti apa tikuyesa kubwezeretsa. Womvera amadziwa pamene Mozart walekezera ndi pamene wokonza wayambira. Kuyerekeza zakale si tchimo. Tchimo ndi kubisa msoko.

Ngakhale kusadziwa kuli ndi ulemu wake. Hugh Tracey atajambula nyimbo m'midzi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1950, zina analemba mayina a oimba, zina zinangolembedwa kuti amayi achichewa. Zimapweteka kuti mayina a agogo athu ena anasowa, koma mpata wopanda dzina umasiya khomo lotsegula kuti wina adzafufuze. Dzina labodza limatseka khomolo, chifukwa palibe amene amafunafuna chimene akuganiza kuti anachipeza kale.

Komatu tisathe mawu onse pa Casadesus ngati ife ndife oyera. Iye anabisala kumbuyo kwa Bach chifukwa ankadziwa omvera ake. Akanalemba dzina lake, ndi angati akanatchera khutu? Mbewu yachinyengo imagulika chifukwa cha paketi. Ifenso tikapita kokaikitsa nyimbo pa memory card timatchula mayina, ndipo ya mnyamata wapamudzi pompano timaidumpha isanathe mphindi imodzi. Omvera amene amalemekeza dzina lokha amaphunzitsa waluso kunama.

Ndiye pali ngongole ziwiri. Wopeka ali ndi ngongole yonena zoona za ntchito yake, ngakhale zoonazo zimuchepetsere omvera. Womvera ali ndi ngongole yopatsa nyimbo mpata asanafunse kuti ndi ya ndani. Yesani madzulo ano: pezani concerto ya viola ya Hoffmeister ndi ija amati ya J. C. Bach, mupatse mnzanu foni akuikireni osakuuzani kuti iyi ndi iti. Imene muikonde, ikondeni. Mukatero mufunse dzina la mwini wake weniweni, ndipo mukamauza ena, mutchule limenelo.