Kufunsidwa ndi Kumvedwa pa Gombe la Chilwa

Nyanja ya Chilwa ilibe gombe lokhazikika. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira madzi ake m'menemo, koma palibe mtsinje wowatulutsa. Amachoka ndi dzuwa ndi mphepo basi. Mvula ikachuluka nyanja imakwera n'kumiza minda, ndipo chilala chikatsatizana imabwerera m'mbuyo kusiya matope ong'aluka. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambirimbiri anagona pouma padoko la Kachulu. Pamalo otere, aliyense wosankha pomanga msika, pokumba mjigo, podutsitsa msewu kapena potembenuzira madzi a mtsinje kumunda wa mpunga, akulosera kumene madzi adzakhale zaka khumi zikubwerazo. Akalosera molakwa, olipira ndi ena. Funso lathu likuchokera pamenepa: kodi wokonza chitukuko ali ndi ngongole yanji kwa anthu odzakhala ndi zotsatira za chiganizo chake?

Malamulo a dziko lino anayankhapo kale mbali ina. Mu 1998 boma linakhazikitsa mfundo yopereka mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Mwa dongosolo limeneli, zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene timaitcha VDC, n'kukwera ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenako kufika ku khonsolo, kumene zimalowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse la Zomba. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 limafunanso kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire malo ndi anthu. Makwerero alipo ndithu. Komabe tikumbuke kuti makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi khwerero lina linali lothyoka, ndipo ntchito zinkayendabe ngati palibe chasowa. Izi zikutiphunzitsa kuti lamulo likhoza kulembedwa bwino pamene mtima wofunsa kulibe. Msonkhano ukhoza kuitanidwa, mayina n'kulembedwa, manja n'kuombedwa, chikhalirecho chiganizo chinamangidwa kale kuofesi.

Pali zifukwa ziwiri zimene munthu waudindo ayenera kufunsira anthu, ndipo n'zosiyana. Choyamba n'chakuti iye sadziwa zonse. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo amene amakumbukira makwawawo ndi anthu okalambira m'mbali mwa nyanja. Gogo amene anaona nyanja ikuphwa kawiri kapena katatu amadziwanso pamene madzi anafika itabwerera. Msodzi amadziwa malo a njedza amene matemba ndi makumba amaswanirana. Mlimi wa kusikimu ya Likangala amadziwa mwezi umene ngalande zimayamba kuchepa madzi. Mapu a kuofesi amajambula gombe ngati mzere umodzi, pamene eni dera amalidziwa ngati chigwa chotakata chimene nyanja imabwereka ndi kubweza. Olemba mbiri ya Chisilamu amasimba kuti pa Badr, m'chaka cha 624, Hubab ibn al-Mundhir anafunsa Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, ngati malo amene anaima anali lamulo lochokera kwa Allah kapena maganizo a nkhondo chabe. Atamva kuti anali maganizo, anapereka uphungu woti asunthire pachitsime chapafupi ndi adani, ndipo anthu anasunthadi. Chofunika m'nkhaniyi n'chakuti uphunguwo unasintha malo oimapo. Shura imene singasunthe chilichonse yangotsala dzina.

Chifukwa chachiwiri n'chozama kuposa choyamba. Ngakhale katswiri atadziwa zonse, akanayenerabe kufunsa, pakuti katundu wa chiganizocho adzasenza ndi ena. Munthu amene walamulidwa kusamuka padimba, kusiya khoka kwa miyezi ingapo kapena kuchotsa thandala lake loyanikira nsomba, akutaya chakudya cha ana ake. Kumulanda mawu pankhani yotere n'kumuyesa mwana, ngakhale cholinga chitakhala chabwino. Ndiponso lamulo limene munthu anathandiza kulimanga amalisunga ngakhale usiku, pamene mlonda wagona. Mbiri ya Chilwa ikuchitira umboni. Nyanja itaphwa mu 1995, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje, ndipo njala inkakankhira ena kuthiramo katupe. Mafumu, asodzi ndi a nthambi yoona za nsomba anakhala pansi n'kugwirizana zoteteza maiwewo, makomiti n'kukhazikitsidwa m'midzi kuti aziyang'anira. Madzi atabwerera, mbewu ya nsomba inalipo. Lamulo la usodzi la 1997 linadzavomereza kuti anthu a m'magombe azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Boma palokha silikanatha kuika mlonda padziwe lililonse.

Tsono tikati anthu afunsidwe, tikunena ati? Komiti ya m'mudzi imawerenga eni mudzi, pamene nyanja imadyetsa ambiri osalembedwa m'kaundula wa mfumu. Alipo asodzi obwera nsomba zikachuluka, alipo okhala miyezi yathunthu m'zimbowera pakati pa madzi, alipo amayi owamba ndi kuyanika nsomba amene nthawi ya msonkhano imawapeza ali pamoto, aliponso a pachilumba cha Chisi amene kufika kumtunda kumawadyera ndalama ya bwato. Kolera atabuka m'dera la nyanjayi kumapeto kwa 2015, azaumoyo anaona kuti asodzi a m'zimbowera sangabwere kawiri kuchipatala, motero mu 2016 anawafikira ndi katemera wakumwa n'kuwasiyira gawo lachiwiri kuti akamwe okha. Ngati katemera anapeza njira yofikira kuzimbowera, funso la khonsolo lingalephere bwanji kufikako? Muyeso wabwino ndi uwu: amene adzataye kwambiri chiganizo chikalakwika, ndiye ayambe kufunsidwa.

Wina anganene kuti anthu nawonso amalakwa, ndipo akunena zoona. Amene amasandutsa masikito kukhala makoka ndi anthu omwewo. Olima mpaka m'mphepete mwa mtsinje ndi kudula mitengo m'phiri la Zomba, dothi n'kumatsikira kunyanja, ndi anthunso. Zofuna zawo zimawombana: wa mpunga akufuna madzi a Likangala m'munda mwake, msodzi akuwafuna m'nyanja. Palinso amene sangabwere kumsonkhano uliwonse, ndiwo ana osabadwa, pamodzi ndi mbalame za m'dambo zimene zinachititsa kuti Chilwa alembedwe pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, ndi kuti UNESCO iike derali m'gulu la malo osungidwa mu 2006. Choncho kufunsa sikutanthauza kuti chilichonse chonenedwa chichitike. Khonsolo ili ndi udindo wokana pempho lina, ndipo nthawi zina kukanako ndiko chilungamo. Ngongole yake ndi itatu: ifunse zinthu zisanamangidwe, iike poyera zonse zimene ikudziwa, kuphatikizapo ndalama zimene zilipo, ndipo ikakana ibwerere kudzanena chifukwa chake pamaso pa omwe anapempha. Munthu wokanidwa ndi chifukwa chomveka amapita kwawo ulemu wake uli wonse. Wongosiyidwa chete amaphunzira kuti kulankhula n'kutaya nthawi, ndipo ulendo wina sabweranso.

Nawonso ofunsidwa ali ndi amana yawo. Pali chizolowezi chimene chadya misonkhano yambiri m'dziko muno, choyamba kufunsa za alawansi nkhani isanamveke, ndi kuvomera chilichonse chimene mlendo wabweretsa poopa kuti angapite nacho kumudzi wina. Munthu amene akudziwa kuti malo osankhidwawo amamira, koma wakhala chete chifukwa cha botolo la zakumwa kapena chifukwa choopa kutsutsa wamkulu, wabisa umboni. Nyumbayo ikadzamira, dzanja lake lilimo. Membala wa VDC amene amapititsa zofuna za banja lake m'dzina la mudzi wonse wachita chinyengo chofanana ndi cha wogulitsa wochepetsa muyeso. Kunena zoona pamsonkhano kumatheka popanda chipongwe. Munthu akhoza kupempha mwaulemu kuti mawu ake alembedwe, ndi kuti zolembedwazo ziwerengedwe anthu asanabalalike. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero kufunsa kuti ndondomeko ya chitukuko ikuti chiyani za dera lanu, ndiponso kuti ndalama zake n'zingati, ndi ufulu wanu.

Chilwa adzaphwanso, ndipo adzadzazanso. Zimenezi sizidikira msonkhano wa khonsolo. Chimene chili m'manja mwathu ndicho chimene madziwo adzapeze akamabwerera: kaya msika womangidwa pokwera chifukwa gogo wina anamvedwa, kapena makoma omira amene aliyense ankadziwa kuti adzamira. Inu okhala ku Kachulu, ku Chisi ndi m'midzi ya m'mbali mwa Likangala, msonkhano wotsatira ukaitanidwa, pitani ndi zimene mukudziwa, mutenge ndi mnzanu amene saitanidwa kawirikawiri, ndipo musanabalalike mufunse tsiku limene yankho lidzabwere.