Yezani madzi mgodi usanayambe

Ana anga a ku Kasiya, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, dothi lomwe takhala tikulimapo chimanga, fodya ndi mtedza lapezeka ndi chuma china pansi pake. Kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia yapeza miyala ya rutile ndi graphite, ndipo akatswiri akuti rutile wa ku Kasiya ndiye wochuluka kuposa wina aliyense wodziwika padziko lonse. Rutile amapangira penti ndi chitsulo chopepuka cha ndege, graphite amalowa m'mabatire a galimoto zamagetsi. Mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto idagula gawo m'kampaniyi, ndipo mu 2024 kudakumbidwa dzenje loyeserera lomwe pambuyo pake adalikwirira n'kudzalapo mbewu.

Ndikamamva mukucheza pa bawo, nkhani ndi ya ntchito ndi chipukutamisozi basi. N'zofunika, sindikukana. Koma ine yanga ndi ya anthu aja amabwera ndi timabotolo n'kutunga madzi pamjigo, ena n'kuzika timitengo tachitsulo tokolera fumbi. Ambiri mumawadutsa ngati akusewera. Ntchito yawoyo ndi imene idzaweruze milandu yanu mtsogolo muno.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati mgodi usanatsegulidwe pachitike kafukufuku wa mmene udzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo lipoti lake lipite ku bungwe loona zachilengedwe la MEPA. Kafukufukuyo amayamba ndi kulemba mmene zinthu zilili lero: madzi ali pakuya bwanji m'zitsime, muli mchere kapena dzimbiri lochuluka motani, fumbi m'mpweya ndi lochuluka bwanji, mphepo imachokera kuti, mvula imagwa mamilimita angati. Zili ngati khadi la kusikelo ya ana. Mwana akayamba kuonda, namwino amayang'ana pomwe adayambira. Popanda khadi, mayi ndi namwino amangotsutsana.

Abale athu a ku Karonga adaziona. Mgodi wa uranium wa Kayelekera udatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014. Itabwera nkhani yotayira madzi a kumgodi mumtsinje wa Sere, kampani ya mgodiwo idati madziwo ndi otsukidwa bwino, anthu akumudzi adachita mantha. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch lidalemba kuti anthu okhala pafupi ndi migodi ya m'bomalo sankauzidwa zotsatira za kuyeza madzi awo. Munthu wopanda pepala m'manja amangoti "kale madziwa sankakoma chonchi", ndipo pabwalo la milandu mawu amenewo salemera.

Tsono inu amene mudapita kusukulu, gwirani ntchito. Oyeza akafika, musaime patali. Safunsa adadya phula. Afunseni kuti akuyeza chiyani, ndipo zotsatira zidzabwera liti kwa a gulupu ndi ku komiti ya VDC, m'Chichewa chomveka. Aperekezeni kumene amayi amatungadi madzi. Mlendo amaona mjigo wa m'mbali mwa msewu, koma sadziwa kachitsime ka kudambo komwe mudzi wonse umathawirako mjigo ukafa mu Okutobala, ngakhalenso dziwe lomwera ng'ombe. Chitsime chomwe sichidalembedwe, chikadzauma, adzati kudalibe.

Muumirirenso kuti ayeze nyengo zonse. Madzi a mu Febuluwale si ofanana ndi a m'chilimwe, ndipo fumbi la nthawi ya mwera silioneka m'dzinja. Kuyeza kamodzi kokha n'kungotaya nthawi. Za mvula, a zanyengo ali ndi malo awo oyezera ku Chitedze, koma inu mukudziwa kuti imatha kugwa ku Mpingu, ku Kabudula dzuwa lili phwee. Ndi bwino choyezera mvula chikhale pasukulu ya kwanu komweko, mphunzitsi ndi ana azilemba m'mawa uliwonse.

Gulani kope lachikuto cholimba, lizikhala kwa mlembi wa komiti ya mjigo. Mwezi ndi mwezi tsitsani chingwe m'chitsime chomwechomwecho, lembani mamita ndi tsiku. Lembani mwezi womwe dambo laphwa, ndi pomwe madimba asiya kuthiririka. Jambulani ndi foni mitsinje yothira mu Bua, mutaima pamalo amodzimodzi. Kope lotere silingapose makina a akatswiri, komabe manambala awo akadzasiyana kwambiri ndi anu, mudzakhala ndi poyambira kufunsa.

Ndinenenso ichi, ngakhale ena sichiwakomera. Kuyezaku kudzaulula ndi zathu zomwe. Mijigo ina ndi yamchere kuyambira kale, zitsime zina zili pafupi ndi zimbudzi, madambo ena tidawaumitsa tokha podula mitengo yootchera njerwa ndi kuchizira fodya. Zimenezo zilembedwe momwemo, musabise. Mukadzanamizira mgodi chinthu chomwe chidalipo kale, tsiku lodzanena zoona palibe adzakumvereni.

Lipoti la kafukufuku uja likatuluka, musakhutire ndi kuliwerengeredwa pamsonkhano, kenako fanta ndi mabanzi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho mutha kulembera a MEPA kapena ofesi ya zachilengedwe kwa DC ku Lilongwe kupempha lipotilo. Likhale limodzi kwa amfumu, lina kusukulu, ndipo musanasaine chilichonse, fufuzani tsamba lomwe pali dzina la mudzi wanu ndi zitsime zake.