Thupi la munthu wakufa ndi la ndani?

Lero ndikufuna tikambirane nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere chiyambire tchuthi chathachi, nditapita kukaona manda a azungu ku Chikwawa.

Ambiri kuno kuchigwa timangodutsa osadziwa kuti pafupi ndi boma la Chikwawa, pamene panali mudzi wa Chibisa, pagona amishoni awiri a ku Britain, Henry Scudamore ndi Dr John Dickinson, amene anamwalira mu 1863. Padutsa zaka zoposa 160, koma mayina awo akudziwikabe, ndipo palibe amene angayerekeze kufukula mandawo kuti aone mmene mafupa a mzungu amaonekera. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Chimene chinandivuta n'chakuti ndinali nditangowerenga zimene anthu a dziko lomwelo, m'zaka zomwezo, ankachita ndi matupi a anthu akale a ku Iguputo.

M'zaka za m'ma 1800, anthu ophunzira ndi olemera a ku Britain anatengeka kwambiri ndi Iguputo wakale. Mwala wa Rosetta, umene unathandiza kumasulira malemba a Afarawo, wakhala ku British Museum kuyambira 1802. Mu 1878 anaimika chipilala chamwala cha ku Iguputo m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London, ndipo mu 1882 asilikali awo analowa n'kulamulira dzikolo. Sanalekere pa miyala. Ankagulanso mitembo youmitsidwa ija, mamami. Dokotala wina, Thomas Pettigrew, anatchuka m'zaka za m'ma 1830 chifukwa chovundukula mitemboyi pagulu, anthu atagula matikiti. Mu 1908 ku Manchester, Margaret Murray anavula nsalu mtembo wa munthu wotchedwa Khnum-Nakht pamaso pa anthu mazanamazana. Mitembo ina ankaipera n'kupanga utoto wojambulira zithunzi.

Tayerekezani ndi nkhani ya David Livingstone, yemwe anakwera Shire wathuyu mu 1859. Atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, akufunafuna gwero la Nile, mtsinje womwewo wa Afarawo, anzake a paulendo motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma anaumitsa thupi lake ndi mchere ndi dzuwa. Analinyamula miyezi yambirimbiri mpaka ku Bagamoyo, ndipo mu Epulo 1874 linaikidwa mwaulemu waukulu ku Westminster Abbey. Nalonso linali thupi loumitsidwa lochokera ku Africa, koma palibe anagulitsa matikiti kuti anthu adzalione likuvulidwa. Anthuwa ulemu wa maliro ankaudziwa bwinobwino. Ankangosankha woti amupatse.

Mnzanga wina wa kuyunivesite nditamufotokozera izi anandiseka. Akuti, "Aise, popanda azungu ofukulawo bwenzi ukudziwa chani za Iguputo? Komanso si Qur'an yomweyo ikunena kuti thupi la Farawo linasungidwa kuti anthu alione?"

Funso lakelo sindinalipeputse, chifukwa lili ndi mfundo. N'zoona kuti zambiri zimene tikudziwa za anthu amenewo zinachokera m'manda awo, monga a Tutankhamun amene Howard Carter anapeza mu 1922. N'zoonanso kuti Aiguputo ena ankafukula okha n'kumagulitsa, ndipo mpaka lero dziko la Egypt limaonetsa mitembo ya mafumu ake ku Cairo. Surah Yunus, ndime 92, imanenadi za kupulumutsidwa kwa thupi la Farawo kuti likhale chizindikiro kwa obwera m'mbuyo, ndipo m'malo angapo Qur'an imatilimbikitsa kuyenda padziko n'kuona mathero a anthu akale. Chisilamu sichidana ndi kufufuza mbiri.

Koma pali kaonedwe kawiri. Kumadrasa mwalimu wathu ankatiphunzitsa zimene Mtumiki (SAW) anachita podutsa ku Al-Hijr, mabwinja a anthu a Thamud, pa ulendo wa ku Tabuk. Anawalangiza maswahaba kuti asalowe m'malo amenewo pokhapokha ali olira, ndipo iye anafunda kumutu n'kufulumira kudutsa. Munthu woona motere amachokapo atachepa, akukumbukira kuti nayenso adzagona. Munthu wa tikiti uja ankachokapo atasangalala, ali ndi nkhani yokacheza ndi anzake. Onse awiri aona zotsala za akufa, koma mmodzi yekha ndi amene watengapo phunziro.

Tinaphunziranso kuti Mtumiki (SAW) anaimirira maliro a Myuda akudutsa, ndipo atauzidwa kuti womwalirayo si Msilamu, anawakumbutsa kuti ameneyonso ndi mzimu wa munthu. Hadith ina imayerekeza kuthyola fupa la wakufa ndi kulithyola mwini wake ali moyo. Ndimatengapo kuti ulemu umene Allah anapatsa ana a Adam suthera pa mpweya womaliza, ndipo sudalira chipembedzo cha womwalirayo kapena zaka zimene zadutsa. Khnum-Nakht sankapembedza monga ife, koma anthu ake anamukulunga ndi manja awo akukhulupirira kuti palibe adzamuvula.

Pano ndiye pamene nkhaniyi inanditembenukira. N'kosavuta kuloza chala azungu amene anafa kalekale. Nanga ine? Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, madzi atasefukira kuno ndi m'maboma ena, pa gulu lathu la WhatsApp panabwera chithunzi cha mayi wina amene madzi anamukokolola. Chitenje chinali chitapita ndi madzi. Ndinachiyang'ana, ndinachikulitsa ndi zala, kenako ndinachitumiza kumagulu ena awiri nditalemba Inna lillahi pansi pake. Ndinkadziuza kuti ndikudziwitsa anthu za kukula kwa ngozi. Chilungamo chake, ndinkafuna kukhala woyamba kutumiza. Astaghfirullah. Mayi ameneyo anali ndi ana kapena achimwene amene mwina anachiona chithunzicho asanauzidwe n'komwe za maliro.

Ndiye ndikusiyana pati ndi Pettigrew? Iyenso ankati akuphunzitsa anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti holo yake inkadzaza ndi kutha, pomwe chithunzi changa chija mwina chikadali m'mafoni a anthu mpaka lero.

Ife Asilamu tilibe chowiringula, chifukwa malamulo a janaza timawadziwa kuyambira tili ana. Posambitsa maliro timaphimba maliseche ndi nsalu, amuna amasambitsa mwamuna mnzawo ndipo amayi mayi mnzawo, osambitsa amakhala ochepa ndiponso okhulupirika, ndipo choipa chimene aona pathupipo sakachiulula kunja. Timakulunga m'sanda n'kufulumira kukaika. Zonsezi n'zoteteza munthu amene sangathenso kudzifunditsa yekha. Koma pakachitika ngozi ya minibasi pamapiri otsikira ku Thabwa, mafoni amatuluka msanga kuposa zitenje zofunditsira.

Sindikunena kuti thupi la wakufa lisakhudzidwe zivute zitani. Dokotala wofufuza chimene chapha munthu kuti chilungamo chioneke, kapena apolisi ofuna kuti abale azindikire mtembo, ali ndi chifukwa chomveka, ndipo ulama ambiri amaloleza pakakhala kufunika kotere. Muyeso umene ndaupeza ndi mafunso awiri. Kodi pali kufunika kwenikweni kumene sikungatheke mwa njira ina? Nanga akanakhala mayi anga, ndikanalola? Anthu a ku London aja sakanalola kuti zichitikire Livingstone, ndipo inenso sindikanalola kuti zichitikire mayi anga.

Chithunzi chija ndinachifufuta, ngakhale ndikudziwa kuti sindingachibweze kumene chinafika. Mvula ikubweranso, ndipo Shire ndi Ruo timawadziwa khalidwe lawo. Pempho langa kwa ma admin a magulu athu ndi lakuti tigwirizane kuyambira pano: chithunzi cha mtembo chikalowa, chichotsedwe nthawi yomweyo, ndipo wotumizayo alangizidwe kumbali mwaulemu. Ngati mukufuna kudziwitsa anthu za ngozi, lembani malo ndi thandizo limene likufunika, basi.

Allah atikhululukire pa zimene maso athu anaona ndi zimene zala zathu zinatumiza, ndipo atibisire manyazi athu tsiku limene tidzakhale m'manja mwa otisambitsa. Ameen.