Kodi Ayenera Kuyamba Kulowa Ndani?

Pa bwalo la ndege liri lonse lalikulu, nthawi ya kunyamuka ikayandikira, anthu a ulendo amasonkhana pakhomo lopitira ku ndege. Onsewo ali ndi matikiti, onse adzakwera ndege imodzi, ndipo onse adzatera pansi pa mphindi imodzimodzi. Koma salowa monga momwe anafikira. Wanchito wa kampani amaitana anthu m'magulumagulu, ndipo pakati pa oyamba kuitanidwa pamakhala anthu amene amayenda kawirikawiri ndi kampaniyo, amene maina ao analembedwa m'gulu lapamwamba. Munthu wotere angathe kufika pambuyo pa onse, napitirira nkhalamba imene yaima pamenepo kwa nthawi yaitali, ndipo palibe womdzudzula. Funso limene tifuna kuliganizira ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu atsogole anzace pa cifukwa cakuti iye amabweretsa ndalama zambiri kwa mwini ndege?

Poyamba tione kumene mwambowu unacokera. Mu 1978 boma la America linaleka kuikira makampani a ndege mitengo ya matikiti ndi njira zoyendamo, ndipo pamenepo makampaniwo anayamba kulimbirana anthu. Mu 1981 kampani ya American Airlines inayamba dongosolo lochedwa AAdvantage, lowerenga mamailosi amene munthu wayenda ndi kumpatsa ulendo waulere akakwanitsa ciwerengero cace. Patangopita masiku owerengeka kampani ya United nayonso inayamba lace. M'kupita kwa nthawi anagawa anthuwo m'magulu, nawapatsa maina a miyala ya mtengo wapatali monga siliva ndi golidi. Pambuyo pace makampani a maiko osiyanasiyana anapangana ubwenzi: Star Alliance mu 1997, oneworld mu 1999, ndi SkyTeam mu 2000. Cotero munthu wa gulu la golidi m'kampani imodzi amalandiridwa monga wa golidi m'makampani onse a cipanganoco. Kampani ya Ethiopian Airlines, imene ndege zace zimatera ku Lusaka, inalowa mu Star Alliance mu 2011, motero mwambo wobadwira ku America unafika ndi kwathu komwe.

Wina angafunse kuti, nanga kuyamba kulowa kuli ndi phindu lanji, popeza mpando wa munthu ali yense uli ndi nambala yace? Phindu liripo ndithu. Mu 2008 American Airlines inayamba kulipiritsa madola 15 pa cikwama coyamba cimene munthu apereka kuti cikaikidwe kunsi kwa ndege, ndipo makampani ena ambiri anatsanzira. Anthu poopa kulipira anayamba kulowa ndi katundu wao m'manja. Koma malo oikamo katundu pamwamba pa mipando sakwanira anthu onse. Woyamba kulowa amaika cikwama cace pamwamba pa mutu wace; wotsiriza amapeza modzaza, ndipo cikwama cace cimatengedwa kunka kunsi, nayenera kukacidikira potsika. Tsono kutsogola kumeneku si ulemu wa pakamwa cabe ai.

Tisafulumire kutsutsa tisanamve mbali ya eni ndege, pakuti mlandu suweruzidwa pomva munthu mmodzi. Iwo angathe kunena kuti ngakhale mai wogulitsa nsomba pamsika amaika mbasela kwa munthu amene amagula kwa iye masiku onse, ndipo palibe amene amamucha wokondera. Angathenso kunena kuti malamulo a dongosololi ngolembedwa poyera, palibe ciphuphu coperekedwa mseri, ndipo khomo nlotsegukira munthu wa mtundu uli wonse. Mau amenewa ali ndi mphamvu. Akuluakulu athu akumbukira masiku a Northern Rhodesia, pamene munthu wakuda anali kugulira nyama pa kazenera kumbali kwa sitolo, ngakhale ndalama yace inali yofanana ndi ya Mzungu wolowera pakhomo. Kusankha kumene kuja kunatsata khungu, limene munthu sangathe kulisintha; kumeneku kutsata malonda. Kuika ziwirizi m'dengu limodzi kungakhale kunama. Ndiponso nzoona kuti munthu woyenda sabata ndi sabata amatopa ndi maulendo koposa uja woyenda kamodzi pa caka.

Komabe tiyenera kusiyanitsa mitundu itatu ya kutsogoza munthu. Pali kutsogoza kwa cifundo, monga pamene anthu a pa mzere wa ku cipatala apatukira mai wonyamula mwana wodwala kwambiri. Pali kutsogoza kwa ulemu, monga pamene anyamata aimirira kuti nkhalamba ikhale pa mpando, kapena pamene mfumu iyamba kusamba m'manja. Ndipo pali kutsogoza kwa malonda, kumene munthu amagula. Mitundu iwiri yoyambayo imaperekedwa ndi anthu eni ace amene ali pa mzerewo, mwa kufuna kwao, ndipo wopatukayo samva kuti wacepetsedwa. Mtundu wacitatu umaperekedwa ndi mwini malonda, amene safunsa anthu a pa mzere ngati abvomera. Bvuto limayamba pamene mtundu wacitatuwu ubvala zobvala za waciwiri uja.

Tibwerere kwa mai wa nsomba. Mbasela imene iye amaika imacokera m'dengu lace lomwe, ndipo wogula wina sacepetsedwa nsomba zace pa cifukwa cimeneco. Ulendo waulere umene kampani ipatsa munthu ufanana ndi mbasela yotere, pakuti kampani ndiyo itayapo kanthu. Koma malo a pa mzere ali ndi khalidwe lina. Munthu sangasunthidwe kunka patsogolo popanda wina kubwezedwa m'mbuyo. Kampani ikapatsa munthu mmodzi malo oyamba, mphatsoyo yaitenga kwa anthu ena onse amene analipira matikiti ao mokwanira. Ndipo coopsa nici: mphatso imeneyi imakoma kwambiri pamene otsalira m'mbuyo abvutika kwambiri. Malo a katundu akadakhala okwanira onse, ndi anthu ocepa okha akadasamala za kuyamba kulowa. Tsono wamalonda amene amagulitsa njira yothawira bvuto sakhala ndi cangu ca kuthetsa bvutolo.

Kodi kapena dongosololi limathandiza kuti ndege idzaze msanga, onse napindula? Nkhani imeneyi inayesedwa. Mu 2008 Jason Steffen, katswiri wa za nyenyezi wa ku America, anawerengera njira yofulumira yolowetsera anthu m'ndege: kuyamba ndi a mipando ya kuzenera, kucokera kumbuyo, kumadumpha mzere umodzi wa mipando kuti anthu ambiri aziika katundu wao pa nthawi imodzi osatsekerezana. Mu 2011 njirayi inayesedwa ndi anthu 72 m'cifaniziro ca ndege. Anthuwo analowa onse mphindi 4 zisanakwane, pamene njira yozolowereka yoyambira kumbuyo inatenga mphindi zoposa 6. Ngakhale kulowa mwacisawawa, popanda dongosolo liri lonse, kunafulumira koposa njira yozolowerekayo. Anthu a magulu apamwamba kawirikawiri amakhala ca kutsogolo, ndipo akayamba kulowa amaima m'kanjira kamene ena onse ayenera kupitamo. Mu 2023 United inabwerera ku njira yoyamba ndi a kuzenera, koma inasiya a magulu apamwamba pa malo ao a patsogolo. Apa tiona poyera kuti colinga ca kutsogoza kumeneku si kufulumira.

Tsopano tifunse funso lina lobvuta: kodi ndalama zimene zinamkweza munthuyo nzayani? Ambiri mwa anthu oyenda kawirikawiri amayendera nchito, ndipo tikiti amalipira ndi kampani imene awagwirira nchito, kapena boma. Wolipira ndi wina, wolandira mphotho ndi wina. Mu 2015 makampani a Delta ndi United anayamba kupereka mamailosi molingana ndi mtengo wa tikiti, osati kutalika kwa ulendo. Taganizani tsono za wanchito amene watsala pang'ono kufika m'gulu la golidi, ndipo pamaso pace pali matikiti awiri, wochipa wa kampani ina ndi wokwera mtengo wa kampani yace. Ndalama si zace, koma golidi adzakhala wace. Ciyeso cimeneci si nthano. Ku Germany mu 2002 kunamveka kuti aphungu ena a nyumba ya malamulo anagwiritsa nchito pa maulendo a iwo eni mamailosi amene anawapeza poyendera nchito ya boma, ndipo Gregor Gysi, amene anali nduna ya za cuma ya mzinda wa Berlin, anatula pansi udindo wace pa nkhani imeneyi. Pamene wolipira ali boma, ndalamazo nza msonkho, ndipo mwina zina mwa izo zinacokera kwa nkhalamba yomwe ija imene yatsala kumbuyo kwa mzere.

Makampani amacha dongosololi ndi dzina lokoma la kukhulupirika, monga ngati pali ubwenzi pakati pa iwo ndi munthu wa ulendo. Koma mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege zambiri, United inakongola madola mabiliyoni 6.8 ndipo Delta inakongola mabiliyoni 9, ndipo cikole cimene anapereka cinali madongosolo omwewa a mamailosi. Cinthu cimene cingathe kukhala cikole ca ngongole yotere ndi malonda, ndipo ciyenera kuchedwa malonda. Umboni wina ndi uwu: m'madongosolo ambiri gulu la munthu limawerengedwa caka ndi caka. Akadwala, kapena akapuma pa nchito naleka kuyenda, golidi wace amatha, ndipo amabwerera kumbuyo pamodzi ndi aja anali kuwapitirira. Ulemu wa nkhalamba sutha motero. Umakula pamene mphamvu zace zicepa.

Coipa cacikulu sicikhala pa cikwama, cikhala mumtima. Munthu akaitanidwa poyamba kwa zaka zambiri, anthu ena naona, amayamba kukhulupirira kuti iye ndi wosiyana ndi anzace, ndipo tsiku limene aimikidwa pa mzere amapsa mtima monga wolandidwa colowa ca makolo ace. Makolo anati ukakwera pamsana pa njobvu usamati kunja kulibe mame. Nawonso otsalira amaphunzira phunziro lao loipa, lakuti wocenjera ndiye amalowerera. Mu 2024 American Airlines, imene inali ndi magulu 9 a kalowedwe, inaika makina amene amalira munthu akayesa kulowa gulu lace lisanaitanidwe. Michael Sandel, mphunzitsi wa pa Harvard, analemba mu 2012 buku lochedwa What Money Can't Buy, m'mene anadandaula kuti mwambo wa kudikira pa mzere uli kulowedwa m'malo ndi mwambo wa msika. Dandaulo lace nlomveka. Mzere wa pa cigayo kapena pa mpope wa madzi uli ndi ciphunzitso cimene palibe sukulu ingaciphunzitse bwino koposa, cakuti nthawi ya mphunzitsi ndi nthawi ya mlimi zilemera cimodzimodzi.

Nanga tiweruze bwanji? Kuyamba kulowa m'ndege si chimo, ndipo munthu amene alandira mwai umenewu sanabe kanthu. Ndege ya kampani ndi malonda, ndipo palibe amene amafa cifukwa ca kulowa pambuyo. Koma mwambowu ukhala wolungama pokhapokha usunga malire atatu. Loyamba, ofooka atsogole amphamvu. Ku America lamulo la 1986 loteteza anthu olumala pa maulendo a ndege, pamodzi ndi malangizo amene anatuluka mwa ilo, limalamula kuti wolumala wofuna nthawi yokwanira kuti akhale pansi alowe ena onse asanalowe. Apa lamulo linangolemba cimene mtima wabwino udziwa kale. Laciwiri, kampani isaonjezere dala mabvuto a anthu wamba kuti malo a patsogolo agulike. Lacitatu, munthu asagule ulemu wace ndi ndalama za mwini nchito kapena za msonkho. Ndipo pamwamba pa zonsezi, mwambowu ukhale kumene uli, m'malonda. Usalowe m'cipatala, m'bwalo la milandu, kapena m'ofesi ya boma, kumene munthu amafika monga mwini dziko, osati monga wogula.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, ena mwa inu mudzayenda m'ndege kufikira dzina lanu lidzaitanidwa poyamba. Landirani, koma podutsa muyang'ane amene muli kuwapitirira, ndipo mukaona mai wa mwana kumsana kapena nkhalamba ya ndodo, palibe lamulo la kampani lokuletsani kupatuka. Ambiri a inu simudzakhala pa mzere wa golidi, koma mudzakhala kuseri kwa tebulo, anthu ataima pa mzere pamaso panu. Tsiku lina adzafika munthu wobvala bwino, wozolowera kutsogozedwa kwina konse, nadzaima pambali pa mzere kuyembekeza kuti mumuone. Pamenepo funso la pa bwalo la ndege lidzakhala lafika pa tebulo lanu, ndipo amene anabwera mbandakuca adzakhala ali kuyang'ana dzanja lanu kuti aone pepala limene mudzayamba kulandira.